Nsomba Yofiira pa Boti la Bwana

Ku Umm Ghuwailina, dera lina la mumzinda wa Doha, kunkanunkha anyezi wokazinga ndi zovala zosauma bwino. Ndinafikako m'nyengo yozizira, ndili Sitandade 5, kudzaona makolo anga omwe ndinkawadziwira pa foni. Amayi ankayala mabedi ku hotela, adadi ankayendetsa galimoto ya bwana wina wa ku Madinat Khalifa. Chipinda chawo chinali chodulidwa ndi mabolodi, moti Mfilipino wa mbali inayo akatsokomola zinkamveka ngati ali pabedi pathu. Masana ndinkatsala ndekha, kumangoonerera pawindo amphaka akufwanthula m'mabini.

Lachisanu lina adadi anandidzutsa m'mamawa. Bwana anali atalola kuti ndipite nawo kunyanja kukawedza. Boti lake linali loyera mbee, ndipo litaliza injini, nyumba zitalizitali za Doha zinachepa mpaka kukhala ngati mano a chipeso. Milomo yanga inkawawa mchere. Adadi sanakhale pansi ngakhale pang'ono. Ankadula nyambo, kumanga mbedza, kuthira tiyi, ndi kupukuta masanzi a Khalid, mwana wa bwana, yemwe anali msinkhu wanga. Ine anandipatsa ndodo yakale yowedzera kuti ndisamasowetse mtendere.

Dzuwa litafika pamutu, ndodo yangayo inapindika mwadzidzidzi. Ndinapondera phazi m'mbali mwa boti n'kukoka, mikono ikuyaka moto, mpaka ndinaona chinthu chofiira chikuzungulira pansi pa madzi obiriwira. Bwana anakuwa kuti "Hamra!" Imeneyo inali nsomba imene ankaisaka chiyambire m'mawa. Khalid, amene anali asanagwire kanthu, anayamba kulira akupondaponda pansi. Bwana anangowayang'ana adadi.

Adadi anagwada pambali panga. "Tadala, siya."

"Koma adadi, ndi yanga."

"Ndati siya, mwanawe. Ine pano ndili pa duty. Khalas, basi."

Anandifumbatula chala chimodzichimodzi n'kuika ndodo m'manja mwa Khalid. Mnyamatayo mphamvu analibe, choncho adadi anakulunga chingwe kudzanja lawo n'kumakoka mobisa. Chinawacheka kwambiri, magazi akudonthera pa nsapato zawo. Nsomba itagwera m'boti, ikuphiriphitha, Khalid anainyamula m'makha, ndipo amene anamujambula pa foni akumwetulira anali adadi omwewo. "Well done, boss wamng'ono," anatero.

Madzulo wophika wa bwana anatipatsa mutu wa nsombayo mu jumbo. Amayi anauphika ndi tomato pa kambaula kamagetsi, fungo n'kudzaza chipinda chonse. Ndinakana kudya. Adadi anadya okha ndi dzanja lamanzere, lamanja atalimanga kansanza. Masiku onse otsalawo sindinawayang'anenso kumaso, ndipo ku bwalo la ndege atatambasula manja, ndinawerama ngati ndikumanga nsapato.

Nthawi imeneyo ndinkati adadi ndi amantha, anasankha mwana wa eni n'kusiya wawo. Lero nanenso ndili pa ntchito ya munthu, ndipo ndikudziwa kuti kontirakiti yawo, kachipinda kaja ndi sukulu yanga zonse zinkadalira nkhope ya bwanayo. Ndimawamvetsa. Anabwerera kumudzi atakalamba, ndipo ndikapita kukawaona ku Chirimba timacheza za mvula ndi za feteleza. Iwo sanandiuzepo kuti pepa, nanenso sindinawafunsepo ngati dzanja linawawa.