Mwala Umene Unagunda Mutu wa Bambo Tuckwell

Bambo Wilfred Tuckwell sanapite patali ndi sukulu, koma mudzi wathu wa Nether Wendle amaudziwa kuposa ine amene ndimauphunzitsa m'kalasi. Akhala zaka makumi asanu akuluka mipanda ya minga m'minda ya anthu, ndipo munda uliwonse amautchula dzina.

Mwezi wa Meyi uliwonse timazungulira mudzi ndi nthyole, tikukwapula miyala ya malire. Kale ankagwira mnyamata miyendo n'kumugunditsa mutu pamwala kuti asadzaiwale malowo. A Wilfred anagunditsidwa mu 1951.

Chaka chatha Bambo Hallett, mlendo wochokera ku London amene anagula famu ya tsidya, anatchinga ndi waya dambo limene ana a m'kalasi mwanga amasewerako mpira. Anati malire ndi mtsinje, ndipo dambolo lili mbali yawo. Mwala umene ukanatiweruza unali utakwiririka kalekale.

Tsiku lozungulira, tonse tinkafufuza m'mphepete mwa madzi. A Wilfred okha anawoloka kamlatho, n'kudutsa dambo lonse.

"Achimwene, mwasochera?" anakuwa mlongo wawo Dorcas. "Mtsinje uli kuno! Mutu uja anaugunditsa mopitirira eti?"

"Takhala chete iwe! Mtsinjewu ngwoyendayenda ngati mwamuna wako. Chigumula cha 1968 chinausamutsa."

Anaima m'khwawa louma mmene mtsinje unkadutsa kale, nawerama mpaka kuyang'anira pakati pa miyendo yawo. Ana anafa nazo kuseka.

"Sekani, anyani inu. Tsiku lija ndili chadodolido, nsanja ya tchalitchi inkalendewera pakati pa mitengo iwiri iyo." Anasuntha pang'ono, akadali chowerama. "Apa. Kumbani."

Sipanatenge nthawi, fosholo inalira. Titapukuta matope, zilembo za mudzi wathu zinaoneka pamwalapo.

Bambo Hallett, amene anabwera kudzaonerera, anauyang'anitsitsa, kenako anavula chipewa.

"Wayayo ndichotsa Lolemba, bambo."

"Muchotse lero," anatero a Wilfred. "Mawa kuli mpira."

Ana anandizinga, aliyense akufuna kugunditsidwa. Ndinawaika pamzere, aang'ono patsogolo, ndipo tinayala chipewa cha a Hallett pamwalapo. Mmodzimmodzi tinawazondotsa, a Wilfred akuwauza kuti, "Tsegula maso, mwanawe. Ukuiona nsanja?"