Timu ya Akamwini

Sufiyani anabadwira m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, koma dzina lake linakamvekera kwa Nsamala, kumene anakakwatira mtsikana wina dzina lake Salima m'chaka cha 1949. Anafika ndi mkeka, khasu, ndi miyendo yodziwa mpira umene anauphunzira ku Zomba, akuchapa zovala za asilikali. Mudzi wa mkazi wakeyo unali kale ndi timu, koma mpira wachikopa unalipo umodzi wokha, umene Elliam, mbadwa ya pamudzipo, anabwera nawo kuchokera ku Joni. Mwini mpira ndiye anali kaputeni, ndipo lamulo lake linali lalifupi: timu yoyamba ndi ya obadwira pamudzi, akamwini akhale timu yachiwiri.

Ntchito ya timu yachiwiriyo inali kulambula bwalo, kudula nsungwi za magolo, ndi kukatola mpira ukagwera m'chitedze. Kusewera ankasewera pokhapokha eni mudzi akatopa. Sufiyani zinkamuwawa koopsa, koma akati adandaule ankangouzidwa kuti mkamwini asamakule mwendo. Choncho anasonkhanitsa akamwini anzake, Achawa ndi Amang'anja omwe, nayamba kuwaphunzitsa ndi mpira wansanza akaweruka kumunda.

Patapita zaka zitatu, anyamata a panjanji ku Balaka anatumiza mawu oti akufuna mpikisano. Sufiyani anapita kwa Elliam.

"Achimwene, tiyambe tayesana ife tokhatokha. Opambana ndiwo apite ku Balaka."

Elliam anaseka mpaka kutsokomola. "Chabwino. Koma mukagonja, timu yachiwiri yathera pomwepo. Mpira wanga musadzaupondenso."

Tsikulo litafika, akamwini analowa m'bwalo atavala akabudula, zifuwa zili pamtunda, koma atangokweza maso anawagwetsanso pansi msangamsanga. Kumbuyo kwa golo limene anayenera kumwetsako kunali mikeka, ndipo pamikekapo panali apongozi awo onse, atakhala mwaulemu. Elliam anali atawaitana yekha, ati malo a alendo olemekezeka. Pajatu mkamwini saonana maso ndi maso ndi mayi wa mkazi wake; akakumana panjira amalambalala kutchire. Nanga athamangire bwanji komweko ali chibadwire chotere?

Zinali zomvetsa chisoni. Sufiyani ankapyola anthu atatu, koma akayandikira golo ankazolika mutu, n'kuusiya mpira ngati watentha. Mnzake wina anafika mpaka ponjuta. Pofika nthawi yopuma, eni mudzi anali atamwetsa zigoli ziwiri, akamwini alibe kanthu.

Posinthana magolo, Elliam anathamanga kukanyamula mikeka ija. "Tiyeni uko, amayi, kuno dzuwa likupwetekani." Abiti Hamadi, apongozi ake a Sufiyani, anadabwa, popeza kumene ankawasamutsirako ndiye kunalibe ndi mthunzi womwe. Anafunsa mwana wawo, ndipo Salima, misozi ili m'maso, sanabise.

"Amayi, si ulemu umenewu iyayi. Akuikani pano kuti muziopseza akamwini anu, monga tichitira ndi mbalame m'mapira."

Abiti Hamadi anali mayi wosachedwa kupsa mtima, ndipo kupusitsidwa ankadana nako kuposa njala. Anaimirira, namanga nsalu m'chiuno, natembenuka kufulatira bwalo. Mwambo sanauphwanye: sanalankhule ndi mkamwini, analankhula ndi mwana wawo, koma ndi mawu omveka mpaka kudambo.

"Salima! Kawauze amuna ako kuti ine ndikuyang'ana mlambe uwo, za kumbuyo kwanga sindikuziona. Munthu wondidzazira nkhokwe asagonjere alesi awa!"

Amayi enawo anayang'anana, kenaka mmodzimmodzi anatembenuka, mpaka kumbuyo kwa golo kunangotsala misana yokhayokha.

Abale inu, zimene zinachitika apo! Sufiyani anamwetsa choyamba, mnzake wonjuta uja anamwetsa chachiwiri, ndipo chachitatu Sufiyani anachimenya mwaukali moti nsungwi ya pamwamba inagwa pamodzi ndi goloboyi. Elliam anakhala pansi, manja ali kunkhongo. Ku Balaka kunapita akamwini, nabwerako akuimba njira yonse, atagonjetsa a panjanji aja. Kuyambira pamenepo timuyo inapitiriza kutchedwa yachiwiri, dzina limene eni ake anakana kulisintha, koma ofuna mpikisano ankachita kunena kuti atumizidwe akamwini.

Sufiyani anasewera mpaka imvi zitayamba, kenaka n'kumaphunzitsa akamwini atsopano. Abiti Hamadi sanaphonyepo mpikisano ngakhale umodzi, ndipo chigoli cha mkamwini wawo sanachionepo ndi maso mpaka kumwalira. Ankakhala pamkeka wawo chofulatira, ndipo bwalo likaphulika ndi phokoso ankakoka Salima nsalu: "Ndi wathu ameneyo?" Koma nthungululu ankaiyamba asanayankhidwe.