Majini a Anastazia

Mayi amene amakhala mpando wakumbuyo kutchalitchi ku Brampton, kufupi ndi mzinda wa Toronto, pafupi ndi chitseko kuti njinga ya olumala ya mwana wake isatseke njira, ndi Anastazia Kamwendo. Ndi mnzanga, ndipo amene ali naye mawu abwere nawo kwa ine. Tinadziwana tikupakira makatoni mu weyahausi, zala zitauma ndi chisanu. Pa nthawi yopuma iye ankawerenga, ine ndikukangana ndi kapitawo. Kuwerengako kunamupezetsa ntchito ku Downtown, pakati pa mzindawo, m'zipinda zapansi pa nyumba ina ya kafukufuku. Ntchito yosamalira mbewa.

Ee, mbewa. Mwana wa ku Ntcheu, kumene mbewa timaipana pa mpani n'kuigulitsa pamsewu, anakwera ndege kudzakhala wantchito wa mbewa.

"Iwe, za kuno zili ndi nambala pakhutu," ankandiuza. "Ikangoyetsemula kumabwera dokotala. Ndiyetsemule ine, amati imwa madzi."

Koma ankaikonda ntchitoyo. M'mawa sitima, kenako sabuwe, sitima ya pansi pa nthaka ija, n'kuvala zoyera mpaka kumapazi. Ankasintha makola ndi kuyeza chakudya. Mbewa zina zinkadya chothira foliki asidi, vitamini amene amathandiza msana wa khanda kutsekeka likadali m'mimba, zina chosathira. Akatswiri ankang'amba zazikazi zabere n'kumaona tiana take, tina msana uli wotseguka, tina mutu. Ankafuna kudziwa chifukwa chake vitaminiyo amapulumutsa mtundu wina wa mbewa koma wina ayi. Yankho ankalisaka m'zimene mwana amatengera kwa makolo, zimene ife a Chizungu chosakaniza timangoti majini.

Anastazia anakwatiwa ndi Douglas, wa kubanki, wa tayi ndi Chizungu cha m'mphuno. Mimba inabwera asanaiyembekeze. Msana wa khanda umatsekeka m'masabata oyambirira, mayi asanadziwe n'komwe kuti waima, ndiye pamene Anastazia amayamba kumwa mapilitsi n'kuti zitachitika kale. Mwana wawo Nthanda anabadwa msana uli wotseguka. Anamusoka, anakhala moyo, koma miyendo inakana.

Mayi a Douglas, a Mathilda, anabwera kuchokera ku Lilongwe kudzathandiza chikuta. Tsiku lina azimayi a kutchalitchi titadzaza pabalaza, a Mathilda anafunsa:

"Nanga madokotala akuti n'chiyani chimenechi, apongozi?"

"Akuti zifukwa n'zambiri, amayi. Zina ndi majini."

A Mathilda anaika kapu pansi. "Majini? Achokera kuti?"

"Ndi omwe timafufuza kuntchito kuja."

"Mumasunga majini kuntchito."

"M'mbewa, amayi."

Atsikana awiri anaseka. Gogoyo sanaseke. Kwa iwo majini ndi aja olowa munthu n'kumugwetsa pansi akuchita thovu. Ine ndinayesa kumasulira, koma pakamwa pangapa mumapadziwa, pamatentha msanga. Ndinatembenukira kwa mwamuna.

"Alamu, auzeni amayi. Chizungu mumachitha kuposa tonse muno."

Anayang'ana foni. "Amayi amva zimene amva."

Ankadziwa, munthu uja. Anali pomwepo pamene dokotala ankanena kuti majini mwana amatengera mbali zonse ziwiri, kwa mayi ndi kwa bambo. Kumasulira liwu limodzi lija kukanalowetsa magazi a kwawo mu mlandu. Anasankha ziwanda, chifukwa ziwanda zinali za mkazi yekha.

Zotsatira zake mukuzidziwa, ena mwa inu munali momwemo. Mapemphero pabalaza, mafuta pachipumi, abusa akukuwira khanda losokedwa msana kuti tuluka. Azimayi oyembekezera anayamba kusuntha Anastazia akakhala pafupi. Anamesi enieni, ogwira m'zipatala za Toronto, odziwa bwino lomwe, ankangoti zinthu izi sitingazidziwe. Mandasi ake pa zikondwerero ankabwerera kunyumba osakhudzidwa. Iye chimene ankafuna n'chimodzi basi, kuti munthu mmodzi m'nyumba mwake anene kuti sanalakwe.

Douglas anati asankhe, mbewa kapena banja. Anastazia anarizayina ntchito ija. Anabwerera ku makatoni, pafupi ndi ine, osawerenganso pa nthawi yopuma.

Patapita zaka anafuna mwana wina. Ulendo uno anapita kwa dokotala kusanachitike kanthu, anamulembera foliki asidi wamphamvu, anamwa miyezi ingapo asanaime. Ankandiuza kuti, "Akabadwa bwino, ndidzawaonetsa botolo. Adzamva." Luke anabadwa wathunthu, akuponda m'mwamba ngati wampira.

Pa phwando loonetsa mwana, mu holo ya tchalitchi, a Mathilda anamunyamula m'mwamba.

"Mwaona, anthu a Mulungu? Kungosiya mbewa zija, majini n'kuthawa."

Anthu anaomba m'manja. Anastazia anaimirira, botolo lili m'manja. "Amayi, ndinamwa mankhwala. Ndi awa."

"Khalani pansi, apongozi, mudakali ofooka."

"Mayi a Nthanda, osati pano," anatero Douglas, mano ali pamtunda chifukwa cha kamera.

Nthanda anali pa njinga yake pambali pa tebulo la keke. Chichewa amachimva pang'ono, koma liwulo analitola. Anakoka chitenje cha agogo ake.

"Agogo, ine ndili ndi majini?"

"Anatuluka, mwanawe. Kungoti anapita ndi miyendo yako."

Zimene ndinalankhula pamenepo sindingazilembe. Madikoni awiri anandigwira mikono kunditulutsa, ndipo ndikanakonda akananditulutsa msanga. Ndili pakhomo ndinamva abusa akuthokoza chifukwa cha chipulumutso cha banja ili, n'kupempha mayi wa mwana kuti avomereze yekha pamaso pa mpingo. Ndinacheuka. Anastazia anayang'ana Douglas. Douglas anali kukonza tayi. Anastazia anayang'ana Nthanda, mwana wake wamkazi, amene ankadzigwiragwira maondo.

Analowetsa botolo m'chikwama, nati, "Ameni."