Tsiku Limene Ululu wa Batata Unatha

Linali Lolemba la mwezi wa Juni, cha m'ma 6 koloko m'mawa, pamene Batata anandiitana kuchipinda. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, tikukhala ku Kabwata m'nyumba ya zipinda ziwiri. Amai anali atapita kale kukafola pamzere wa ufa, poti zaka zimenezo za chipani chimodzi ufa ndi sopo ankapeza ndi wolawirira yekha. Ndinawapeza bambo anga atakhala pabedi opanda malaya, dzanja lili pa nthiti za kumanja, chitenje cha Amai chili pamiyendo.

"Shani, mayo? Bwela unimange apa," anatero. "Koka maningi, usaope."

Batata anali Mubemba, ndipo kwawo mwana wamkazi amamuitana mayo. Anagwirapo ntchito kumigodi asanabwere ku Lusaka, ndipo chifuwa anabwera nacho kuchokera kumeneko. Tsopano ankanyamula matumba a simenti pa kampani ina yomanga nyumba ku Woodlands. Nyumba yathu inali ya kampaniyo. Munthu akadwala nthawi yaitali ntchito inkatha, ndipo nyumba inkapita nayo limodzi. Tinali titaonapo katundu wa anansi athu ali panja.

Ndinazunguliza chitenjecho kawiri, ndikukoka mpaka zala zanga zinawawa. Thupi lawo linali lotentha ngati nsimbi. Anandiuza kuti akamakoka mpweya pambali pankabaya ngati mpeni, koma akamanga, nthiti sizinkasuntha kwambiri ndipo ululu unkachepa. Anzawo kuntchito ankachita zomwezo. Batata anavala ovololo pamwamba pake, nanyamuka.

Kuyambira tsiku limenelo kumanga kunakhala ntchito yanga ya m'mawa. Amai sanakondwe nazo.

"Bashi Mwila, pitani kuchipatala," ankatero, powaitana ndi dzina langa monga mwa mwambo wa kwa Batata.

"Chipatala chizatipatsa nyumba? Tizagona mu wodi tonse, na mapoto yako?"

Ankaseka, kenako kusekako kunkasanduka chifuwa, nagwira chitseko mpaka chitadutsa.

Patapita milungu ingapo, m'mawa wina ndinalowa ndi chitenje, iwo n'kundibweza. "Siya, mayo. Nachila. Kulibe chobaba." Anakoka mpweya pamaso panga osakwinya nkhope. Tinasangalala kwambiri. Loweruka Amai anakagula nyama ku City Market, ndipo Lamlungu anaimirira m'tchalitchi kuthokoza Mulungu. Zina tinkaziona koma osazisamala. Batata ankatha kugona pokhapokha atagonera mbali yodwalayo. Akamalankhula ankadukiza pakati pa mawu kuti apume. Tinkati ndi kutopa kotsala, poti ululu unali utatha.

Tsiku lina anagwa kuntchito thumba lili paphewa. Anzawo anawatengera kuchipatala pa lole ya mchenga.

Amai anapita nane chifukwa ndinkamvako Chizungu pang'ono, koma sichinafunike. Nesi wina wachikulire anatilankhula Chinyanja. Tinapeza Batata atakhala chowerama, atatsamira pilo, dokotala atalowetsa singano yaikulu pakati pa nthiti zakumbuyo. Madzi achikasu ankatsika m'kapaipi kulowa m'botolo. Botolo linadzaza, anabweretsa lina. Sindinkadziwa kuti munthu angayende ndi madzi ochuluka chotero m'chifuwa.

Amai anati, "Koma sisita, anachila. Ululu unasila."

Nesiyo anaphatikiza zikhatho zake ziwiri. Anati phapo lili ndi kachikopa kopyapyala kolikuta, ndipo kena kamamatira mkati mwa nthiti. Munthu akamapuma, tiwiriti timatererana mosamveka. Tikatupa ndi matenda timakhulana, ndiye kubaya kuja. Kenako anatalikitsa zikhathozo pang'onopang'ono. Madzi akalowa pakati, anatero, sitikhudzananso, ndipo ululu umatha. Koma madziwo amapitiriza kudzaza, kufinya phapo mpaka mpweya kusowa polowa.

"Tsiku lamene mwakondwela, amai, ndiye tsiku lamene matenda yanakula."

Amai anakhala pansi pasimenti pomwepo, osalira.

Nesiyo anati chinali chifuwa chachikulu, pamwamba pa fumbi la kumigodi limene linali litaumitsa kale mapapo onse awiri. Mankhwala anawayamba, koma thupi linali litatha. Madzi ankabwerera. Ulendo womaliza umene ndinawaona, anandigwira dzanja n'kundifunsa ngati a kampani anabwera kunyumba. Ndinati inde, anabwera. Anatembenukira kukhoma. Anamwalira mvula isanayambe, ndipo nyumba imene ankaiteteza ija tinatulukamo mwezi wotsatira. Tinakakhala kwa mchemwali wa Amai ku Libala, ndipo sukulu yanga inathera pomwepo, mu giredi 5.

Batata sindiwaimba mlandu. Anali ndi ana anayi ndi denga la eni ake, ndipo anachita chimene ankachidziwa. Chimene chimandivutabe ndi nyama ija tinadya mosangalala, iwo akupuma ndi phapo limodzi patsogolo pathu. Ndinaphunzira kuti matenda akakhala chete sikuti apita.

Ndaika Batata, ndaika Amai, ndipo chaka chatha ndinaika mwamuna wanga. Lero ndimakhala ku Chelstone ndi mwana wanga wamkazi ndi adzukulu. Wina m'nyumba muno akandiuza kuti wachira, sindiyankha msanga. Ndimamuyang'ana mmene akupumira ndi mbali imene akugonera, ndipo ndikakayika ndimapita naye kukiliniki tsiku lomwelo, afune asafune.