Sokosi zisanu ndi juzi imodzi

Mayi a kunyumba kwanga ndinatsala pang'ono kuwapha ndi sokosi. Musaseke, yambani mwamva, chifukwa nanunso mukanakhala ine mukanachita zomwezo, mwinanso kuposa pamenepo.

Tinkakhala ku Wembley, kudziko la azungu, m'zipinda ziwiri zapansi, chakumapeto kwa zaka za m'ma 70. Ine ndinali kondakitala wa basi, ntchito yoyenera munthu amene sukulu anaitsanzika ali Sitandade 5. Mayi ankasokera kampani ina masiketi pabalaza pomwepo, makina ali pafupi ndi moto, kuyambira m'mawa mpaka ine kuweruka. Motowo unali hita ya parafini, yonunkha moti kutchalitchi ankadziwa kuti tafika asanatembenuke. Masiketi nawo anayamba kununkha, eni ake n'kudandaula.

Nzeru ya gasi inabwera ndi bambo wina wa kwathu amene tinkangomutchula kuti aphunzitsi. Anabwera kudzawonjezera maphunziro, ankagona ku Croydon, koma Lamlungu lililonse masana ankadya kwathu. Apa ndifotokoze. Ife kumudzi tinachokako mothawa boma, osatsanzika, tikuyang'ana m'mbuyo. Aphunzitsi anabwera pa ndege, pasipoti ili m'thumba, ndipo ankayembekezeka kubwerera. Munthu wotere masiku amenewo unkamupatsa ntchafu ya nkhuku, koma nkhani unkamupatsa mafupa. Akafunsa kuti achimwene anu aja ali kuti masiku ano, iwe unkayankha za mvula.

Kusitolo tinapita atatu. Ine mtima unagwera hita ina yokhala ndi makala abodza ofiira, yoti mlendo aziyesa wafika kwa bwana. Aphunzitsi analoza ina yosaoneka bwino, yokhala ndi timiyala toyera tonga zisa za njuchi.

"Iyi ndiye ya ntchito, bambo. Inayo mungowotha ndi maso."

Mayi anavomera. Ine ndinangosunga mumtima kuti wasankha ndi iyeyu.

Loweruka kunabwera mzungu wofiira makutu kudzaika. Anazula thabwa limene linatseka pamoto pakale, paja eni nyumba ankasonkhapo malasha, n'kuyatsa kanthu kofuka kuti aone ngati chumuni ikukoka. Anakoka paipi, anakhazika hita. Kenako anatenga hamala n'kuboola khoma chakumunsi, mbali ya kanjira kapanja komwe munthu aliyense akhoza kuima, n'kuphimbapo ndi kachitsulo kamabowomabowo.

"Bowo limenelo ndi la chiyani?" ndinafunsa m'Chingerezi changa cha m'basi.

"Moto uzipuma. Osatseka. Chumuninso osatseka."

Potuluka anabwerezanso. Ine munthu akandiuza chinthu kawiri ndimayamba kufunsa kuti wamutuma ndani.

Patapita masiku, ndili phee pampando, ndinamva munthu akutsokomola m'chumuni. Anali mkulu wina wokhala m'chipinda chapamwamba, ndipo wailesi yake inkamvekanso. Ndinaganiza kuti njira imene mawu akutsikira ndi yomweyo angakwerere. Ndinauza mayi kuti alankhule chilichonse, ine n'kutuluka kukagwada pabowo paja, khutu kukhoma.

"Amuna anga ayamba misala," anatero mayi m'katimo.

Ndinamva mawu onse, osaphonya ndi amodzi omwe. Umboni wina ndikanaufuniranji?

Tsiku lomwe mayi anapita kukasiya masiketi, ndinagwira ntchito yanga. M'bowo ndinakankhiramo sokosi zakale mpaka kathithi. Kuseri kwa hita kunali kampata kolowera m'chumuni, m'menemo ndinasokerezamo juzi ndi mpini wa tsache. Chifuwa cha mkulu uja chinazimirira. Pabalaza panatentha kuposa kale. Ndinayenda m'nyumba ngati munthu amene wapha njoka osauza aliyense.

Musaganize kuti za mbaula sindinkazidziwa. Kwathu ngakhale mwana amadziwa kuti makala sutsekera nawo chitseko. Koma uwu unali moto wa azungu, wopanda utsi, wopanda phulusa, woyaka ndi kupotoza chala. Ndinkati zimenezo anathana nazo kufakitale.

Sabata isanathe mayi anayamba mutu. Poyamba ankangomanga duku mothina n'kupitiriza kusoka. Kenako kunabwera chizungulire, nseru, ndi tulo tosadziwika bwino. Ndinkawapeza atatsamira makina, msoko utapita kumene ukufuna. Adokotala anati ndi chimfine cha nyengo, n'kuwapatsa mapilitsi. Akapita kutchalitchi ankatsitsimuka, kuimba mpaka kuposa anzawo. Akabwerera kunyumba, mutu uja unkawadikira pakhomo.

Ine ndinali bwinobwino. Tsiku lonse ndinkakhala ndikulendewera kukhomo la basi, mphepo ikundimenya, koma zimenezo sindinaziganizire. Chimene ndinaona n'chakuti matenda akusankha munthu, ndipo matenda osankha munthu amakhala ndi mwini wake. Ndinakumbukira paketi ya tiyi wa kwathu imene aphunzitsi anabweretsa, yemwe ankamwa mayi okha chifukwa ine ndinali nditazolowera wa m'timatumba. Ndinakaikhuthulira m'bini.

"Tiyi wanga uja ali kuti?"

"Anagwa nkhungu."

"Ndi masiku atatu? Abambo inu, mukandiuza zoona tsiku lina kudzagwa chipale chofiira."

Tiyi anapita, mutu unatsala. Ndinayamba kuiyang'ana hita ija cham'mbali. Anailoza ndani? Mzungu uja anamupeza ndani? Ndinawanong'oneza anzanga awiri othawa ngati ine, iwo n'kugwedeza mitu kuti nawonso munthuyo sankamumvetsa, amafunsa mafunso ambiri.

Lamlungu lotsatira mayi analephera kudzuka bwino. Ndinawakhazika pampando pafupi ndi moto, ndinawafunditsa bulangete, ndinatseka zenera ndi chitseko kuti asawombedwe ndi mphepo, n'kupita ndekha kutchalitchi kukawapempherera. Pobwerera ndinakumana ndi aphunzitsi pageti, malalanje ali m'manja.

"Lero ayi, aphunzitsi. Mayi sali bwino."

"N'chifukwa chake ndabwera. Ndingowapatsa moni."

"Agona."

"Ndiye ndisiye malalanjewa patebulo."

Munthu wophunzira kumuletsa n'kovuta, amakhala ndi yankho lina m'thumba. Tinalowa. Mayi anali pampando paja, mutu utagwera paphewa. Aphunzitsi anawomba m'manja kupereka moni. Mayi anatsegula maso pang'onopang'ono n'kuwatchula dzina la mchimwene wawo amene anamwalira kalekale.

Aphunzitsi sanayang'anenso mayi. Anayang'ana moto. Nanenso ndinayang'ana, ndipo kanali koyamba kuona kuti lawi lija, lomwe poyamba linali lobiriwira, linali lachikasu, likungogwedera ngati woledzera. Pakhoma pamwamba pa hita panali mwaye. Mazenera ankachita kuyenderera madzi. Aphunzitsi anazimitsa hita, anakankha zenera, n'kuwagwira mayi kukhwapa.

"Gwirani miyendo."

Ine ndinagwira dzanja lake. "Mukupita nawo kuti?"

"Panja, bambo. Ngati mukufuna kundimenya mukandimenyere komweko."

Tinawakhazika pakhonde, m'chisanu chija. Aphunzitsi anagogoda kwa mkulu wapamwamba uja kuti aimbe foni kuitana ambulansi. Podikira, anazungulira kukanjira, anagwada, anachotsa kachitsulo ka pabowo n'kuyamba kusolola. Sokosi yoyamba. Yachiwiri. Anafika zisanu, akuziyala pansi ngati wogulitsa kaunjika.

"Zanu izi?"

"Zikufanana ndi zanga."

"Kwina mwatsekanso kuti?"

Ndinaganiza zokana. Koma mayi anali apo akupuma movutika, maso ali kwa ine, ndiye juzi ija ndinaiulula ndekha.

Kuchipatala anawavundikira chopumira kumphuno n'kuwasunga masiku awiri. Adokotala a kumeneko anandiitanira pambali n'kundifotokozera za mpweya wosaoneka, wosanunkha, umene moto umatulutsa ukamanidwa popumira. Analankhula pang'onopang'ono, ngati mmene umalankhulira ndi munthu amene wamuyeza kale nzeru. Anati ndikanachedwa kucheza pakhomo pa tchalitchi tsiku limenelo, bwenzi tikukamba zina.

Tsiku lachitatu mayi anabwera, mutu uli mbee. Mzungu wofiira makutu anali atabwera kale kudzakonza, ndipo zimene ananena za ine sizolemba. Mayi anakhala pansi, anayang'ana bowo lija, anayang'ana ine.

"Ndifunseko, bambo. Zaka zonsezi, inu mwalankhulapo chiyani m'nyumba muno choti munthu wanzeru zake n'kugwada panja m'chisanu kuti amve?"

Ndinafufuza m'mutu. Ndinapezamo za mpira, za maondo anga, ndi za woyang'anira wathu wa kudepoti. 

Mayi anandituma kwa anzanga awiri aja kukabweza zomwe ndinanena za aphunzitsi, ndipo ndinapita. Ngakhale, tikamanena zoona, mpaka lero sindimvetsa kuti munthu wogona ku Croydon anadziwa bwanji msangamsanga chotere mbali yomwe kunali bowo. Ndinatchulako zimenezi kamodzi, mayi n'kundiyang'ana, sindinabwerezenso.

Mayi anabwerera pamakina awo, masiketi anayambanso kutuluka owongoka. Koma hita ija ine ndinaletsedwa kuigwira, ngakhale kuyatsa kokha. Ndikaweruka n'kupeza mayi atachokapo, ndinkakhala pampando ndi jekete langa la ntchito, manja m'khwapa, kudikira kuti abwere.