Wanga Anamuitana Pomaliza

Ndinali kudimba ndikukumba kachewere pamene mpongozi wanga anatsetsereka mtunda akuthamanga, mpango uli m'manja. "Amayi! Amayi inu! Amusankha! Dzina lafika kumishoni, mdzukulu wanu akupita kusekondale!" Ine khasu kutaya, nthungululu kuimba, mpaka mbuzi za eni zinabalalika. Ndinavina m'matope, ine nkhalamba, ndinavina.

Koma povina pomwepo mtima unandiwawa, pakuti ndinakumbuka.

Mtsikanayu ndi wamasiye, mayi ake anandisiyira akuyamwa. Ali Sitandade 6, tsiku lotsekera sukulu, makolo tinakhala pabwalo, mphepo ya Julaye ikutilasa m'mafupa. Mwambo wake unali wotere: ahedi amaitana ana kuyambira nambala wani, ife tikuwomba m'manja, kutsika, kutsika, mpaka kwa olephera. Wanga anamuitana pomaliza. Pomaliza penipeni! Ndipo sanangomuitana ayi. Anamukweza pabenchi, nati, "Muoneni uyu! Mutu waukulu, m'kati madzi okhaokha. Agogo, kamupezereni mwamuna, akungotithera choko." Bwalo lonse kufa nacho chiseko. Ati kumeneko n'kumulimbikitsa! Kulimbikitsa kwanji kothira mwana tsabola m'maso? Anawaphunzitsa kuti zimenezo, kukoleji kwawoko?

Ndinafuna kuyankha, koma ahediwo ankayenda ndi ogulitsa makhadi a chipani, ndipo masiku amenewo pakamwa pankamangitsa.

Titafika kunyumba mwana anavula yunifomu, naiponya kuseri kwa nkhokwe. "Agogo, ine sukulu basi." Amalume ake, mwana wanga wobala ndekha, nawonso ndi awo: "Amayi, aphunzitsi anena okha. Kuli mnyamata wocheka matabwa kuphiri, akumufuna." Kamwana kosatha n'komwe msinkhu! Ndinakana, koma ndikanakana mpaka liti, mwiniwake atataya mtima?

Amene anatiwombola ndi aphunzitsi aakazi, achitsikana, owonda ngati bango, ongobwera kumene. Anafika masana mwana akusankha nyemba, anakhala naye pamphasa, nawonso n'kuyamba kusankha.

"Iwe, masamu ako ndawaona. Njira ukuidziwa, poyamba ponse ukukhoza. Ukugwera kumapeto, chifukwa ukuthamanga ngati waba nzimbe. Ukuthamangiranji?"

"Ndimaopa chikwapu, aphunzitsi. Wotsalira amamukwapula."

"Kwa ine uzitsalira mmene ungafunire. Chimodzi chokha: ukamaliza, ubwerere uone poyankha."

Chimodzi chokha anamuuza, osati mtolo wonse. Ndiponso anayamba ndi chimene mwana ankachikhoza. Kodi zimenezi n'zovuta? Zimafuna galimoto? Zimafuna chilolezo cha boma?

Sukulu itatsegulidwa, yunifomu anaichapa yekha. Anabwereza kalasi, inde anabwereza. Madzulo ankafika akudumpha: "Agogo, lero anena kuti apa ndakhoza, apa ndikonze." Mawa, "Paja ndakonza, andipatsa pena." Ine zilembo ndimaziona mwa apo ndi apo, za sukulu ya kwacha, koma nkhope ya mwana ndimaiwerenga bwino. Inali kutseguka, inali kutseguka ngati duwa la dzungu.

Tsono tamverani. Tsiku lachikondwerero cha kusankhidwa kwake, thobwa lili m'mitsuko, ndinangoona ahedi aja atulukira, tayi ili pakhosi. "Agogo, mwaona? Mawu anga aja ndiwo anamudzutsa." Ha! Anthu inu! Wogwetsa mwana m'dzenje n'kumati ndinam'phunzitsa kukwera! Thobwa ndinawapatsa, mlendo samanidwa, koma potchula odzakondwa nane iwo sindiwatchula.

Anabwera aphunzitsi aakazi aja, ndinawabereka kumsana kuzungulira bwalo akukuwa kuti ndiwatsitse. Anabwera amalume ake, maso pansi, tambala m'khwapa. Anabwera mpongozi wanga ndi amayi ake. Anabwera achemwali anga a kwa Kaphuka ndi ana awo onse, azakhali a mtsikanayu ochokera ku Mphunzi, akatekisi ndi njinga yawo yopanda mabuleki, amayi a kwaya, azamba amene anamudula mchombo, abambo a kuchigayo ufa uli mbuu kumutu, ndi atsikana anzake amene anakhala naye benchi limodzi.