Mai Zala Ziwiri

Pamsewu ponsepo ankawatchula kuti Mai Zala Ziwiri, moti alendo ankayamba ayang'ana kaye m'manja mwawo, kuganiza kuti mwina makina anawadula. Ayi ndithu, zala zinalipo khumi. Dzinalo linabwera chifukwa cha kadulidwe kawo. Akati adule kanthu, kaya lamba wa diresi, kaya kathumba ka thalauza, ankayeza ndi tepi, kulemba ndi choko, kenako n'kuika zala ziwiri kunja kwa mzerewo, n'kudula pamenepo. "Chachikulu timabweza," ankatero, "chaching'ono timangolira nacho."

Komanso kudulako kunali kwa apo ndi apo, tizinthu ting'onoting'ono basi. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri anagwira ntchito m'shopu ya utelala, kachipinda kamodzi pakati pa wometa ndi wogulitsa zitsulo, ndipo ntchito yawo inali kupalasa makina. Wodula anali abwana, eni shopu. Sizasi yaikulu inkakhala pamsomali kumbuyo kwa tebulo lawo, ndipo mai sankaikhudza ngakhale popukuta fumbi.

Chifukwa chake chinalipo. Mwezi wachiwiri pantchito, akadali mtsikana, anadula jekete ya munthu mikono n'kuperewera. Abwana anaikweza m'mwamba pamaso pa makasitomala atatu n'kunena kuti, "Iwe manja ako ndi osoka. Sizasi isiye, ungatiphe."

Amati mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Awa anagonera mpaka kusasa! Mai anawatola n'kuwasandutsa awoawo. M'mawa uliwonse, povundukula makina ndi kudonthezera mafuta, ankang'ung'udza okha: "Manja ako ndi osoka, sizasi isiye." Sankanena mokwiya ayi, ankanena ngati momwe munthu amanenera kuti kunja kwatentha. Wometa ankamva kuseri kwa khoma la matabwa.

"Mai, mukukangana ndi ndani m'menemo?"

"Ndi chitsiru changa chomwe, achimwene. Inu zimetani."

Makalasi a kadulidwe atatsegulidwa chapafupi, anakafika mpaka pakhomo, n'kudziuza kuti ukachita manyazi iwe, n'kubwerera. Mng'ono wawo atawauza kuti atsegule shopu yawoyawo, anaseka mpaka kutsokomola. Zaka zinapita choncho, msana unapindika, maso anayamba kufuna magalasi, mawondo n'kumalira akamadzuka pampando.

Ndiye chakudza sichiimba ng'oma. Abwana anagwa m'bafa, mbali ya kumanja n'kufa. Atachira pang'ono ankawabweretsa kushopu kuti asamangokhala kunyumba, n'kuwakhazika pakona, dzanja lili lende pamwendo. Mwana wamwamuna wa abwana, wa jombo zonyezimira, sanazungulire.

"Amayi, shopu yopanda wodula si shopu. Pali munthu akufuna chipindachi, wogulitsa mafoni. Ndibwera Lachitatu. Ngati palibe chodulidwa, titseka."

Mai anangoti chabwino. Pa msinkhu wawo akanapita kuti? Ndani amalemba ntchito munthu woti kulowetsa ulusi pasingano mpaka ayese katatu?

Lolemba kunabwera aphunzitsi aakulu, kasitomala wakalekale, ndi nsalu yotuwa m'pepala. Ankapuma pantchito, ndipo nsaluyo anawagulira ndi ana awo kuti asoketse suti yotsanzikira. Abwana atayeza ndi maso anati mamita ake ndi ongokwanira ndendende. Aphunzitsi anayang'ana dzanja la abwana, n'kuyang'ana mai, koma poti anali munthu waulemu sanafunse kanthu. Anayezedwa n'kumapita.

Lachiwiri lonse mai anangoizungulira nsaluyo. Anasita malaya osita kale, anasesa kawiri. Lachitatu m'mawa, poona kuti kothawira kulibe, anaiyala patebulo n'kuyamba kulemba: msana wa jekete, zala ziwiri. Kutsogolo, zala ziwiri. Miyendo ya thalauza, zala ziwiri uku, zala ziwiri uko. Atafika pa mkono womaliza, nsalu inali itatha. Anatembenuza patani ya pepala, anaipendeketsa, koma mkono unkalendewerabe kunja kwa tebulo.

Anaponya choko pansi. "Waona? Sindinakuuze? Manja ako ndi osoka, sizasi isiye, ungatiphe!"

Nthawi zonse ankanena chamumtima kapena chapansipansi. Tsikuli zinatuluka mokweza.

"Wanena zimenezo ndani?" anafunsa abwana pakona paja. Lilime linkalemera, mawu ankatuluka mokoka.

Mai anatembenuka. "Ndinu, abwana."

"Ine?"

"Inu amene. Tsiku la jekete ya mikono yoperewera."

Abwana anakwinya nkhope, kufufuza m'mutu. Anafufuza ndithu, osati mwachiphamaso. Kenako anapukusa mutu. "Jekete iti? Ine ndaonongapo majekete angati m'moyo uno? Sindikukumbuka, mai."

Ha! Mai anagwira m'mphepete mwa tebulo. Akanakana mwaukali bwenzi zili bwino, munthu ukanakangana naye. Koma kuiwala! Iwo anasenza mawuwo tsiku ndi tsiku, kupita nawo kunyumba, kubwera nawo m'mawa, pamene mwini wake anawataya tsiku lomwelo pamodzi ndi zidutswa za pansi. Chinawapweteka kwambiri, ndipo kupwetekako kunabwera ndi kutopa kofika m'mafupa.

"Maso anga anafooka kalekale," abwana anapitiriza. "Mizere yanga yokhota ankaiwongola ndani ndikatuluka? Mumayesa sindinkaona?"

"Kumene kuja kunali kungokonza."

"Nsaluyo ndi yokwana. Yadyedwa ndi zala zanuzo. Fufutani."

Mai ananyowetsa kansanza n'kufufuta choko chonse. Anayambiranso, tepi pakhosi, magalasi pamphuno. Pa mzere uliwonse zala zija zinkabwera zokha kudzagona pansalu, iwo n'kumazichotsa ngati akuingitsa nkhuku pakhonde. Msana, kutsogolo, miyendo, kolala. Mkono womaliza unalowa.

Anatsitsa sizasi pamsomali. Inali yolemera kuposa momwe ankaganizira. Mawu aja sanathawe ayi, anali pomwepo kukhutu: ungatiphe, ungatiphe.

"Ndamva," anatero mai mokweza. "Takhala chete ndidule."

"Mwayambanso, mai?" anakuwa wometa kuseri.

Mai anayamba kudula. Sizasi inalira pathabwa, khwe, khwe, khwe, kutsata mzere weniweniwo. Podzafika masana zidutswa zonse zinali zitasanjikizana pakona ya tebulo. Chotsala chinali kansalu kamodzi kakatali, kopyapyala. Anakayeza osaganizira n'komwe: zala ziwiri.

Anakhala pampando wa makina, kansaluko kali m'manja. Chimwemwe sichinabwere. Ankangoona khomo la makalasi lija, ndi mng'ono wawo akuwachonderera, ndi mtsikana uja amene akanatha kudula suti zikwi. Misozi inatsika yokha, iwo osaipukuta. Abwana anayang'ana kumsewu.

Mwana wa abwana anafika chakumadzulo, makiyi a galimoto akulira m'manja. Anaima patebulo, kunyamula mkono wa jekete, kuuyang'ana uku ndi uku, kenako n'kuyang'ana dzanja la bambo ake.

"Wadula ndani?"

Pakamwa pa mai panatseguka, ndipo mawu amene anatsogola anali akale omwe aja: ndi abwana, ine ndangothandizira. Anafika mpaka kumano. Anawameza.

"Ndine."

"Inu, amayi? Chikhalirecho mumatha kudula?"

"Chikhalirecho," anatero mai.

Anakoka mpando, n'kunyowetsa nsonga ya ulusi ndi malovu. Unalowa pasingano kachitatu.